Seva Ikakana Kudzuka

Pamzere wa kubanki, pawindo lolembetsera odwala kuchipatala, kaya mu ofesi yolipirira madzi, pali mawu amene amafoola anthu nkhongono kuposa ena onse: "Pepani, sisitemu yagwa." Wonena mawuwo kawirikawiri naye sadziwa chimene chagwacho. Kompyuta yake ikuyaka bwinobwino, koma akalemba dzina la munthu palibe chikubwera. Chavutacho chili m'chipinda china chokhoma, mwinanso mumzinda wina, m'kompyuta yopanda sikirini imene amaitcha seva. M'kati mwa sevayo mumakhala pulogalamu yosunga zolembedwa zonse, maina a anthu, ndalama zotsala mu akaunti, mankhwala amene wodwala analandira mwezi watha, n'kumazipereka kwa oyenera kuziona. Pulogalamu imeneyi ndiyo database.

Ma database amene anafala kwambiri ndi owerengeka. MySQL inatuluka mu 1995 ku Sweden, ntchito ya Michael Widenius ndi anzake, ndipo kuyambira 2010 mwini wake ndi kampani ya Oracle. Widenius yemweyo anayambitsa MariaDB mu 2009, imene ndi mphukira ya MySQL. PostgreSQL inachokera ku kafukufuku amene Michael Stonebraker anayamba mu 1986 pa yunivesite ya California ku Berkeley. Wikipedia imayendera MariaDB. Pafupifupi mawebusaiti onse a WordPress amadalira MySQL kapena MariaDB. DHIS2, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo m'Malawi umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, imakhala pamwamba pa PostgreSQL.

Chodabwitsa ndi mapulogalamuwa n'chakuti amatha kugwira ntchito miyezi yambirimbiri osadandaula. Vuto limadzaonekera tsiku limene azimitsidwa n'kuyatsidwanso. Wina anasintha mzere umodzi m'fayilo ya malangizo mu Malichi, seva sinauwerenge chifukwa malangizo ambiri imawerenga podzuka pokha. Magetsi azima mu Seputembala, seva yadzuka, yawerenga mzerewo, yakana. Amene anasinthayo mwina anasiya kale ntchito.

Zimene imachita podzuka

Masekondi oyambirira a database ndi otanganidwa. Imayamba yawerenga fayilo ya malangizo, my.cnf kwa MySQL, postgresql.conf kwa PostgreSQL. Kenako imapempha memory kwa Linux kapena Windows, n'kutsegula foda imene muli zolembedwa zake. Imafufuza ngati inazimitsidwa mwaulemu ulendo watha kapena inangogwa. Imatenga nambala ya khomo limene mapulogalamu ena amaipezerapo, imene akatswiri amati port: MySQL imakonda 3306, PostgreSQL 5432. Imalembanso kafayilo kakang'ono kolengeza kuti foda ija ili ndi mwini tsopano, wina asalowemo.

Chimodzi mwa izi chikalephereka, imaima pomwepo. Ambiri amaona ngati kumeneku n'kufa kwa makina, pamene nthawi zambiri n'kudziteteza. Database imene yaona kuti siingathe kulemba bwino imasankha kusayamba n'komwe, kusiyana ndi kulandira ndalama za munthu n'kuzilemba theka. Ndipo siikana mwakachetechete. Imalemba chifukwa chake m'fayilo yotchedwa log.

Apa ndi pamene katswiri amasiyanira ndi wongoyerekeza. Uthenga umene umaoneka poyamba pasikirini suthandiza kwenikweni. Wotchuka kwambiri ndi wa MySQL, ERROR 2002, wonena kuti "Can't connect to local MySQL server through socket". Anthu ambiri ataya maola akusakasaka fayilo ya socket imene yatchulidwayo, ena mpaka kuipanga ndi manja. Koma uthengawo ukungonena kuti pulogalamu yagogoda ndipo palibe wayankha. Fayiloyo kulibe chifukwa seva, imene imaipanga yokha ikadzuka, sinadzuke. Chifukwa chenicheni chili kwina: pa Ubuntu chimapezeka mu /var/log/mysql/error.log, pa makina a mtundu wa Red Hat mu /var/log/mysqld.log, ndipo lamulo la journalctl limaonetsa zimene Linux yeniyeniyo inaona.

Kuwerenga log nakonso kuli ndi luso lake. Mzere womaliza umangonena kuti seva yasiya. Wodziwa amakwera m'mwamba kufika pamene kudzuka komalizako kunayambira, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka apeze dandaulo loyamba, poti madandaulo otsatira amakhala ana a loyambalo. Pambali pa dandaulolo pamakhala nambala, ndipo pa Linux manambala ochepa ndi amene amabwerabwera. 28 ndiye kuti disiki yadzaza. 13 ndiye kuti seva yaletsedwa kugwira fayilo. 12, memory yachepa. 98, port ili kale ndi pulogalamu ina. 2, fayilo imene ikufunidwa kulibe. MySQL imabwera ndi kapulogalamu kotchedwa perror, kamene kamamasulira nambala iliyonse ukakapatsa.

Disiki yodzaza ndi dzanja lofulumira

Nambala 28 ndi imene imavutitsa anthu kawirikawiri, ndiponso ndi imene yapweteketsa ambiri. Disiki siidzaza ndi maina a makasitomala okha. Imadzaza ndi ma log akale, ma backup amene wina anasiya pa seva yomweyo, komanso mafayilo otchedwa binlog, mmene MySQL imalemba kusintha kulikonse. Kuyambira MySQL 8.0 ma binlog amalembedwa ngakhale munthu asanapemphe, ndipo amasungidwa masiku 30. Pa seva yotanganidwa, masiku 30 ndi katundu wambiri. Lamulo la df -h limaonetsa malo otsala m'kanthawi kochepa. Nthawi zina limanena kuti malo alipo koma seva n'kumakanabe. Pamenepo df -i ndi imene imaulula kuti timafayilo tating'onoting'ono tachuluka mpaka disiki yasowa poti n'kulembera dzina la fayilo ina.

Mankhwala ake amaoneka apafupi: kufufuta china chake. Bwana ali pakhomo, foni ikulira, ndipo wa IT akuona mafayilo akuluakulu okhala ndi dzina loti log. Mu MySQL yakale ndi ib_logfile0 ndi ib_logfile1. Mu PostgreSQL yakale inali foda ya pg_xlog. Amawafufuta, malo apezeka, koma seva siidzukanso, kapena idzuka ndi zolembedwa zosokonekera.

Mafayilo amenewa si nkhani zakale zongosungira. Ntchito yawo ikufanana ndi kakope ka mwini golosale amene alinso ndi buku lalikulu la ngongole. Makasitomala akachuluka sakhala ndi mpata wotsegula buku lalikululo n'kufunafuna tsamba la aliyense. Amangolemba msangamsanga m'kakope kuti uje watenga shuga, uje wabweza K5,000, ndipo mpata ukapezeka amasamutsira m'buku. Akadodometsedwa ntchito ili pakati, kakopeko ndi kamene kamamuuza zimene zalowa m'buku ndi zimene zatsala. Database nayo imayamba yalemba kusintha kulikonse m'mafayilo aja, kenako n'kumasamutsira m'matebulo enieni pang'onopang'ono. Ikagwa mwadzidzidzi, podzuka imawerenga mafayilowo n'kumaliza zimene zinatsala. Wowafufuta seva itagwa wataya zimene zinali zisanasamutsidwe, ndipo wasiya matebulo ena atalembedwa theka.

Anthu anafufuta pg_xlog kochuluka kotero kuti olemba PostgreSQL anagonja. Mu mtundu wa 10, umene unatuluka mu Okutobala 2017, anasintha dzina la fodayo kukhala pg_wal, ndipo inzake pg_clog inakhala pg_xact, kuti pasapezekenso woona ngati ndi zinyalala. Ku MySQL ndi MariaDB kulinso fayilo ina imene imakopa dzanja chifukwa cha kukula kwake, ibdata1. Malangizo oti ingofufutidwa ali mbwee pa intaneti, ndipo mwina anathandizapo wophunzira amene database yake inalibe kanthu. Pa seva ya ofesi ndi tsoka, poti m'fayilo imeneyi mumakhala zinthu zimene InnoDB, injini yosunga matebulo, siingayende popanda izo, nthawi zina ndi matebulo enieniwo.

Malo amapezeka mwa njira zosaopsa: kusamutsa ma backup akale, kufufuta ma log a mapulogalamu ena, kukulitsa disiki. Seva ikadzuka, ma binlog amachotsedwa ndi lamulo la MySQL yeniyeniyo, PURGE BINARY LOGS, kuti nayo idziwe zimene zachoka.

Magetsi akabwerera

Kuno kwathu ku Malawi database imagwa mwadzidzidzi kawirikawiri kusiyana ndi mmene olemba ake ankaganizira. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi 130 MW, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Ofesi imene UPS yake mabatire anatha kale, kapena jenereta yake imachedwa kulira, ndiye kuti seva yake inkagwa nthawi iliyonse magetsi akathima.

Zikatero database imadzikonza yokha, ndipo imachita bwino ndithu. Chimene imafuna ndi nthawi. Pa database yaing'ono ndi masekondi, pa yaikulu yokhala pa disiki yochedwa zimatha kutenga mphindi zambiri. M'nthawi imeneyi PostgreSQL imayankha aliyense wogogoda kuti "the database system is starting up". Kapulogalamu koiyatsira, pg_ctl, kamadikira masekondi 60 basi, kenako n'kunena kuti seva sinadzuke pa nthawi yake, chonsecho sevayo ili kalikiliki kuseri. Munthu wosaleza mtima amaipha n'kuiyatsanso, kenako n'kuiphanso, osadziwa kuti akuibweza m'mbuyo pa ntchito imene inatsala pang'ono kutha. Log ikamaonetsa kuti manambala akusuntha, chofunika n'kukhala pansi.

Kafayilo kolengeza umwini kaja nakonso kamatsalira seva ikagwa. Ku PostgreSQL dzina lake ndi postmaster.pid. Nthawi zambiri seva imazindikira yokha kuti mwini wakeyo anafa, koma zimachitika kuti nambala imene yalembedwamo yapatsidwa kwa pulogalamu ina makina atayakanso, ndipo seva imakana poganiza kuti mnzake alipo. Kukachotsa kumathetsa vutolo, koma pokhapokha munthu atatsimikiza kuti palibe PostgreSQL ina imene ikuyenda. Ma seva awiri olemba m'foda imodzi amawononga zinthu kuposa kuzima kwa magetsi. MySQL ikanena kuti yalephera kukhoma ibdata1 n'kutchula nambala 11, tanthauzo lake ndi lomwelo: ina ikadali moyo, mwina ikuvutika kuzima.

Zilolezo, malangizo ndi memory

Nambala 13 imakonda kubwera pambuyo pa msamuko. Disiki itadzaza, wa IT wagula ina, wakopera foda yonse ali pa akaunti ya root, yolamulira makina onse, ndipo mafayilo onse asanduka a root. Database siyenda ngati root. Ili ndi akaunti yakeyake, mysql kapena postgres, ndipo tsopano yaletsedwa kugwira katundu wake womwe. Lamulo la chown limabwezera umwini. Ngati zikukanikabe mafayilo ali m'manja oyenera, ndiye kuti mlonda wina wa Linux, AppArmor pa Ubuntu kapena SELinux pa Red Hat, sanauzidwe za malo atsopanowo.

Pali chizolowezi china choipa chimene chinafala, chotsegulira aliyense foda yonse ndi chmod 777 kuti vuto lichoke. PostgreSQL siilola zimenezo: ikapeza kuti foda yake ingalowedwe ndi aliyense imakaniratu kudzuka. MySQL nayo imanyalanyaza my.cnf imene aliyense angathe kulembamo. Apa olemba mapulogalamuwa anaganiza bwino.

Kukweza pulogalamu kupita pa mtundu watsopano ndi gwero lina. MySQL 8.0, ya mu 2018, inachotseratu query cache, koma mzere wa query_cache_size unali m'mafayilo a malangizo osawerengeka. Seva yatsopano ikaupeza imati "unknown variable" n'kuima. Kuchotsa mzerewo n'kokwanira. PostgreSQL ndiye siiwerenga n'komwe foda imene inalembedwa ndi mtundu waukulu wina. Pamafunika pg_upgrade, kapena kutulutsa zonse n'kuzilowetsanso.

Za memory n'zachidule. Seva zotchipa zobwereka pa intaneti zimakhala ndi 1 GB kapena kucheperapo, ndipo database imagawana ndi mapulogalamu ena. Memory ikatha, Linux imasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuipha, ndipo kawirikawiri tsokalo limagwera database. Log yake imangoduka popanda dandaulo. Umboni umapezeka ndi lamulo la dmesg, pa mzere wonena "Out of memory".

Zikawonongeka zenizeni

Nthawi zina log imanena zimene aliyense amaopa, kuti tsamba lina la zolembedwa ndi lowonongeka. Disiki yokalamba imachita zimenezi, ngakhalenso disiki yonama, imene imanena kuti yalemba chonsecho zinthu zikadali m'kamemory kake pamene magetsi akuzima. Asanayese chilichonse, katswiri amakopera foda yonse pamalo ena seva ili chizimire. Zoyesayesa zonse zimachitikira pa kopelo, kapena kope lili pambali.

MySQL ili ndi chida chotchedwa innodb_force_recovery, chokhala ndi masitepe kuyambira 1 mpaka 6. Sitepe iliyonse imauza seva kuti idumphe mbali ina ya kudzifufuza kwake. Munthu amayamba ndi 1, akwere pokhapokha yakana. Malangizo a MySQL amachenjeza poyera kuti kuyambira 4 kupita m'mwamba mafayilo angawonongekeretu. Cholinga si kubwezera seva pantchito, koma kuidzutsa kanthawi kokwanira kutulutsa zimene zingapulumuke ndi mysqldump, n'kumanga database yatsopano. PostgreSQL ili ndi pg_resetwal, imene imataya mafayilo osamutsira aja n'kuyamba atsopano. Seva imadzuka, inde, koma palibe angalumbire kuti ziwerengero zake zikugwirizana.

Kuti ngozi yaikulu imabwera pokonza, ngakhale mabungwe akuluakulu anazionapo. Pa 11 Januwale 2023, bungwe loyang'anira za ndege ku America, FAA, linaimitsa kunyamuka kwa ndege m'dziko lonselo kwa kanthawi, chinthu chimene chinali chisanachitike chichokereni pa 11 Seputembala 2001. Maulendo oposa 10,000 anachedwa. Bungweli linafotokoza pambuyo pake kuti ogwira ntchito a kontrakitala anafufuta mafayilo mosadziwa pamene ankakonza kugwirizana kwa database yaikulu ndi yapadera ya NOTAM, sisitemu yochenjeza oyendetsa ndege.

Usiku wa GitLab

Nkhani imene inalembedwa mwatsatanetsatane ndi ya GitLab, kampani imene olemba mapulogalamu padziko lonse amasungitsako ntchito zawo. Pa 31 Januwale 2017 database yawo ya PostgreSQL inalemedwa, mwa zina chifukwa cha anthu otumiza mauthenga achabechabe ambirimbiri. Seva yachiwiri, imene ntchito yake inali kukopera zonse za yoyamba, inatsalira m'mbuyo mpaka kukoperako kunaduka. Injiniya wina anayamba kuikonza: anafufuta foda ya seva yachiwiriyo kuti akopere mwatsopano.

Kukopera kunakana. Anasintha malangizo a seva yoyamba, max_wal_senders kuchoka pa 3 kufika pa 32, n'kuiyatsanso. Apa PostgreSQL inakana kudzuka, n'kudandaula kuti yapempha kwa Linux ma semaphore, zida zimene mapulogalamu amapatsirana nazo mpata, ambiri kuposa ololedwa. Gwero lake linali mzere wina wakale, max_connections, umene unali pa 8,000 kwa pafupifupi chaka chathunthu popanda vuto. Atautsitsa kufika pa 2,000 seva inadzuka. Mpaka pamenepa zonse zinayenda mwa dongosolo: uthenga unawerengedwa, chifukwa chinapezeka, chinakonzedwa.

Kenako pulogalamu yokopera, pg_basebackup, inangoti zii, osaonetsa kanthu. Zinadziwika pambuyo pake kuti inkangodikira, monga imachitira nthawi zonse. Koma unali usiku, injiniyayo anali atatopa, ndipo anaganiza kuti mafayilo otsalira pa seva yachiwiri ndi amene akutsekereza. Analemba lamulo lofufuta foda. Windo limene analembamo linali la db1, seva yoyamba, osati db2. Anazindikira patangopita sekondi imodzi kapena ziwiri n'kuimitsa, koma pa zolembedwa pafupifupi 300 GB panatsala 4.5 GB.

Kampaniyo inali ndi njira zisanu zosungira ndi kukopera zolembedwa, ndipo usiku umenewo panalibe imene inagwira monga ankayembekezera. Backup ya tsiku ndi tsiku inkapangidwa ndi pg_dump ya mtundu wa 9.2 pamene seva inali 9.6, choncho inkalephera nthawi zonse. Maimelo ochenjeza za kulepherako ankakanidwa panjira osafika kwa munthu. Malo osungira ma backup pa Amazon S3 anapezeka opanda kanthu. Chimene chinawapulumutsa ndi kope limene injiniya yemweyo anajambula ndi manja maola 6 m'mbuyomo pa ntchito ina yoyeserera.

Kubwezeretsa kunatenga maola pafupifupi 18, poti kopelo linali pa makina a disiki zochedwa. GitLab inaonetsa ntchito yonseyo pa YouTube anthu masauzande akuonerera. Zolembedwa za maola 6 zinapita: mapulojekiti pafupifupi 5,000, ndemanga pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700. Mu lipoti limene inatulutsa mu Febuluwale chaka chomwecho, kampaniyo sinaloze chala injiniyayo. Inalemba mndandanda wa zokonza, ndipo mwa izo munali kusintha maonekedwe a mzere wolembapo malamulo kuti seva iliyonse izidziwika msanga, kuika munthu mmodzi woyankha za chitetezo cha zolembedwa, ndi kukhazikitsa makina oti aziyesa okha kubwezeretsa database kuchokera ku backup.